Mitengo ya kwathu ku Mitundu ikukula bwino m'mabuku a ku London

Mu Febuluwale 2024 ndinali kumudzi kwathu, kuseri kwa Mitundu, kukaona mlongo wanga amene miyendo yayamba kumuvuta. Nonse mukukumbukira mmene mwezi umenewo unalili. Dzuwa linaswa mtengo, chimanga chinapota masamba ngati anyezi, ndipo mwezi wotsatira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. M'kati mwa ng'amba yomweyo, pakhomo panafika njinga yamoto. Anali mlangizi wa kampani ina yogula fodya, imene mphwanga amalima nayo pa mgwirizano. Dzina la kampaniyo sinditchula, popeza nkhani yanga si ya kampani imodzi. Pambuyo pake panabwera galimoto itanyamula mbande za mitengo za m'machubu.

Mnyamatayo anali waulemu wake. Anawerenga mbandezo, anamuimika mphwanga pambali pake, anamujambula ndi foni, anamusainitsa. Ine ndili pa mkeka ndinafunsa kuti, "Kodi achimwene, mudzabwera liti kudzawerenga zomwe zapulumuka?" Iye anaseka pang'ono nati, "Bambo, pa fomu yanga pali malo olembapo mbande zoperekedwa basi." Atachoka, mphwanga anandiyang'ana nkunena kuti, "Atsibweni, madzi akumwa omwe tikulimbirana pa mjigo, ndiye ndizithirira mitengo?" Anazibzalabe, poopa kuti angamuchotse pa ngongole ya feteleza. Pofika nthawi ya Pasaka zambiri zinali zitauma. Zotsalazo zinadikira mbuzi, zimene kwathu timazimasula tikakolola.

Chaka chomwecho chigafa chake chinali chitafumbwa ndi chiswe. Mapanda ndi mitanda yokonzera anagula kwa anthu a njinga amene amatulukira cha ku Dzalanyama m'bandakucha. Palibe amene anabwera ndi foni kudzajambula zimenezo.

Ndiye tsiku lina mdzukulu wanga, amene akuphunzira ku Bunda, anandionetsa pa foni yake malipoti amene makampani akuluakulu a fodya amatulutsa chaka ndi chaka onena za kusintha kwa nyengo. Amangwetu, kukongola kwake! Masamba ochuluka kuposa buku la nyimbo, Chingerezi chosalala, zithunzi za amayi akumwetulira atanyamula mbande. British American Tobacco inalonjeza kuti pofika 2050 mpweya wotenthetsa dziko umene umatuluka pa ntchito zake zonse, kuyambira kumunda mpaka ku sitolo, udzakhala wofanana ndi umene ikuchotsa m'mlengalenga. Philip Morris International inati iyo izichita zimenezi pofika 2040. Onse akulankhula zothetsa kudula nkhalango. Ndinawerenga mpaka maso anachita misozi, ndipo ndinadzifunsa: kodi mbande za mphwanga zija, zimene mbuzi zinamaliza kalekale, zikukulabe m'buku la ndani?

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinena poyera. Kampani siulula zoona zake chifukwa choti yatembenuka mtima. Imaulula pamene wina wayigwira pakhosi, ndipo imaulula kwa yekhayo amene wayigwira. Kufikira lero amene akhala akugwira makampani a fodya pakhosi ndi anthu a ku London, ku Washington ndi ku Brussels. Nchifukwa chake lipoti lonena za mitengo ya ku Mitundu ndi ku Nathenje limalembedwera munthu wa masheya amene sadziwa kuti chigafa nchiyani, pamene mwini mtengo sanalionepo ndi maso.

Anzanga amene tinali limodzi kunja, ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi kwina, izi si zachilendo kwa inu. Kodi mwaiwala malipoti a nthawi ya chipani chimodzi? A Ngwazi akamayendera mbewu, ankawaonetsa munda umodzi wa chimanga chobiriwira wa m'mbali mwa msewu, wailesi nkulengeza kuti m'Malawi aliyense akudya, akuvala, akugona m'nyumba yosadontha. Amene ankati "koma kwathu kuli njala" ankapezeka ali ku Mikuyu, kapena ankadutsa malire usiku monga ndinachitira ine. Boma lija silinadzuke m'mawa wina nkuyamba kunena zoona. Panafunika kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992. Panafunika a Chakufwa Chihana kutsika ndege pa 6 Epulo akudziwa kuti unyolo ukuwadikira. Panafunika ogwira ntchito ku Blantyre kunyanyala ntchito, ena kutaya miyoyo pamsewu. Kenaka mu Meyi chaka chomwecho mayiko otithandiza anakumana ku Paris nkutseka mpopi wa ndalama. Apo ndi pamene tinamva za riferendamu, imene inachitika pa 14 Juni 1993. Zala zinali ziwiri, cha kunja ndi cha kuno, ndipo nsabwe inasweka chifukwa zonse zinafinya pamodzi.

Makampani a fodya mbiri yawo ndi yomweyo. Pa 14 Epulo 1994, patangotsala mwezi umodzi kuti ife tikaponye voti ya matipate, akuluakulu asanu ndi awiri a makampani a fodya a ku America anaimirira pamaso pa aphungu a dziko lawo, anakweza manja kulumbira, aliyense nanena kuti sakhulupirira kuti nikotini amamanga munthu chizolowezi. Patangopita zaka zinayi, mu 1998, atapanikizidwa ndi milandu ya m'makhoti, anakakamizika kutsegula makabati awo. Zikalata zankhaninkhani zinatuluka, ndipo lero zikusungidwa ku yunivesite ya California ku San Francisco. Zinaonetsa kuti zambiri zimene ankakana pagulu ankazidziwa bwino lomwe m'maofesi mwawo. Akatswiri amene anazifufuza anapezamonso dzina la Malawi, mmene makampaniwo ankagwiritsira ntchito umphawi wa mlimi wathu ngati chishango pokana malamulo ochepetsa kusuta. A mafuta nawo ndi chimodzimodzi: asayansi a kampani ya Exxon anachenjeza mabwana awo za kutentha kwa dziko kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma dziko linadzamva bwino za chenjezolo mu 2015, atolankhani atafukula mapepala.

Tsono tibwere kwathu kuno. Kwa zaka zingati mabungwe, atsogoleri a mipingo ndi a ntchito akhala akulira za matenanti ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya? Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lonena kuti ana pafupifupi 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno. Tinagwedeza mitu, nkhani nkuzilala. Mu 2018 nyuzipepala ya Guardian ya ku Britain inalembanso, ndi zithunzi zomwe. Koma tsiku limene mabwana anasowa tulo ndi la 1 Novembala 2019, pamene a kasitomu a ku America analamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi aziimitsidwa pa doko mpaka mwini wake atsimikize kuti sanalimidwe mwaukapolo. Taonani liwiro lake! Mapepala amene kwa zaka zambiri ankati nzovuta kuwapeza anapezeka m'miyezi yowerengeka. Alliance One ndi Limbe Leaf anapereka umboni wawo ndipo anamasulidwa mu 2020, Premium mu 2021. Mu Disembala 2020 maloya a Leigh Day anakasumira British American Tobacco ndi Imperial ku khoti lalikulu la ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo oposa 7,000. Makampaniwo akukana mlanduwo, ndipo anapempha kuti uthetsedwe usanamvedwe nkomwe, koma mu Juni 2021 woweruza anakana. Chaka chomwecho cha 2021 Nyumba ya Malamulo yathu inasintha lamulo la ntchito nkuthetsa utenanti.

Funso langa nali: kodi zimene anaonetsa a kasitomu a ku America zija, inu munaziona? Kodi phungu wanu anaziona? Kodi mfumu ya ku Nathenje, imene ana a m'mudzi mwake ndiwo amasoka fodya, inaziona? Umboni wonena za ife unadutsa pamwamba pa mitu yathu pa ndege.

Za nyengo nazo zayenda njira yomweyo. Malipoti okongola aja sanayambe chifukwa cha chikondi. Cha m'ma 2000 eni ndalama anayamba kutumiza mafunso ku makampani kudzera m'bungwe lotchedwa CDP, kufunsa kuti mukutulutsa mpweya wochuluka bwanji. Mu 2015 kunabwera pangano la ku Paris. Mu 2017 akuluakulu a zachuma anatulutsa ndondomeko ya mmene kampani iyenera kufotokozera ngozi za nyengo, ndipo kuyambira Epulo 2022 Britain inasandutsa zimenezi kukhala lamulo kwa makampani ake akuluakulu. Mayiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo lawo kumapeto kwa 2022. Kunja kwa maofesi kunali achinyamata ndi zikwangwani. M'kati munali eni masheya. Mu Meyi 2021 kagulu kakang'ono ka eni masheya kotchedwa Engine No. 1 kanalowetsa anthu atatu mu bodi ya Exxon mabwana asakufuna, ndipo mwezi womwewo khoti la ku The Hague linalamula Shell kuti ichepetse mpweya wake. Aliyense wa tayi anaona kuti mphepo yatembenuka.

Pano ndiloleni ndifotokoze pang'ono kawerengedwe kake, chifukwa mbava imabisala m'masamu. Mpweya wa kampani amaugawa patatu. Gawo loyamba ndi utsi wotuluka m'mafakitale ndi m'magalimoto a kampaniyo. Lachiwiri ndi wa magetsi amene imagula. Lachitatu, limene amalitcha Scope 3, ndi zonse zochitika kwa anthu amene imagulako katundu ndi amene imawagulitsa. Kwa kampani ya ndudu, gawo lalikulu lili m'lachitatumu: feteleza wa mphwanga, nkhuni zimene zimapsa m'mabalani a fodya wa fuluu, mapanda a zigafa za bale, munda watsopano wotsegulidwa pamene panali msitu. Magawo awiri oyambawo ali ndi mita ndi malisiti, sungawanamize kwambiri. Lachitatuli limadalira fomu ya mnyamata wa njinga yamoto uja. Kampani ya ndudu imafunsa kampani yogula fodya ku Kanengo, ya ku Kanengo imafunsa mlangizi, mlangizi amafunsa mlimi amene ali ndi ngongole ku kampani yomweyo. Kodi munthu amene feteleza wake wa chaka chamawa ali m'manja mwako angakuuze kuti mapanda awa ndagula kwa akuba a m'nkhalango ya boma? Ayankha zimene ukufuna kumva, monga tinkayankhira apayoniya akatifunsa ngati timakonda chipani.

Sindikunena kuti zonse za m'malipotimo ndi bodza. Pali alimi amene ali ndi timinda ta mitengo teniteni, ndawaona ndi maso cha ku Nathenje. Pali zigafa zamoyo, zimene mizati yake ndi mitengo yobzala yosadulidwa, ndipo ndi nzeru yabwino. Zimenezi zinabwera chifukwa cha kufinya komwe ndikunenaku. Koma lipoti limene limakuuza mbande zoperekedwa osakuuza mitengo yopulumuka, limene limaphatikiza Malawi, Brazil ndi Indonesia m'chiwerengero chimodzi kuti usathe kuloza dera lako, ndi munda uja wa m'mbali mwa msewu umene ankaonetsa a Ngwazi. Mu 1999 katswiri wina, Helmut Geist, anawerengera kuti m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhalango zimene zinkatha m'Malawi linkatha chifukwa cha fodya. Zinali zaka zomwezo pamene mlimi wamba analoledwa kulima bale, atamanidwa kwa nthawi yaitali kuti maesiteti a akuluakulu adyerere okha. Tinasangalala, ndipo tinayenera kusangalala. Koma zigafa zinamera mudzi uliwonse, ndipo mtengo wa chigafa chilichonse unachokera penapake. Ndani watiwerengera kuti lero zili pati, dera ndi dera?

Ngati mukuganiza kuti nkhalamba ino ikungokayikira anthu osalakwa, imvani nkhani ya mbaula. Kampani ya ku America yotchedwa C-Quest Capital inagawa mbaula zosatha nkhuni m'midzi ya m'Malawi ndi mayiko ena oyandikana nafe. Phindu lake silinali pa mbaulazo ayi. Inkawerengera nkhuni zimene amayi apulumutsa, kuzisandutsa matani a kaboni, nkugulitsa ziphaso zake kwa makampani a kunja ofuna kuyeretsa malipoti awo. Mu Okutobala 2024 oimira boma pa milandu ku New York anatsegulira mlandu amene anali mkulu wa kampaniyo, ponena kuti ziwerengero za kafukufuku wa m'midzi, kuphatikizapo ya ku Malawi, zinakonzedwa kuti zioneke zokoma kuposa mmene zinalili. Iye anakana mlanduwo. Kampaniyo ndi imene inadziulula yokha kwa akuluakulu a boma la America, ndipo bungwe la Verra, limene limatsimikiza ziphasozo, linafafaniza ziphaso zoposa 5 miliyoni. Taganizani. Utsi wa m'khitchini ya mayi wa kumudzi unagulitsidwa kutsidya kwa nyanja, masamu ake anapezeka okhota, mlandu unakatsegulidwa ku New York, ndipo amene ananenedwa kuti aberedwa ndi ogula ziphaso. Mayi mwini khitchini palibe anamufunsa kanthu, ngakhale kumuuza kumene.

Tsopano choopsa ndi ichi. Chala cha kunja chija chayamba kufooka. Bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, la SEC, linatulutsa lamulo lake la malipoti a nyengo mu Malichi 2024, koma litachotsamo kale gawo lachitatu lija, ndiye kuti litachotsamo ife. Ngakhale lopunguzidwalo linatsekeredwa m'makhoti, ndipo mu Malichi 2025 bungwelo linasiya kuliteteza. Mu Januwale 2025 a Donald Trump anasaina zotulutsanso dziko lawo m'pangano la ku Paris. Mu Novembala 2024 Shell inapambana apilo pa chigamulo chija cha ku The Hague. Mu Febuluwale 2025 akuluakulu a European Union anabweretsa maganizo ochotsa makampani ambiri, pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse, pa udindo wolemba malipotiwa. Ndipo lamulo lawo la 2023 loletsa katundu wolimidwa podula nkhalango limatchula ng'ombe, koko, khofi, mafuta a kanjedza, labala, soya ndi matabwa. Fodya mulibe. Werenganinso: fodya mulibe.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chitetezo chimene chimadalira chisankho cha ku America ndi cha pachala. Anthu aja akasintha boma, mitengo yathu imasiya kuwerengedwa, koma namondwe sasiya kubwera. Idai anabwera mu 2019. Ana anabwera mu Januwale 2022 nkugumula damu la Kapichira, tonse tinakhala mu mdima. Freddy anabwera mu Malichi 2023, phiri la Soche linatsikira pa anthu ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Ife sitingadikire kuti aphungu a ku Brussels agwirizane.

Apa ena a inu mwayamba kale kuwomba m'manja, poganiza kuti nkhani yonse ndi ya azungu ndi makampani awo. Dikirani kaye. Inu a ku Area 36, a ku Kawale, a ku Biwi, a ku Chinsapo, ndi inu omwe a nyumba za mipanda ku Area 47, nsima ya dzulo munaphikira chiyani? Imani pa msewu wa ku Bunda m'mawa kusanache muwerenge njinga za makala zimene zikulowa mu mzinda. Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene inatetezedwa kuyambira 1922, ikutha makamaka chifukwa cha mbaula zathu za m'tauni ndi mauvuni a njerwa zomangira nyumba zathu. M'menemo ndi mmene mumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndi mtsinje wa Diamphwe. Zinafika poti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera mitengo, Lilongwe Water Board ikuthandiza kulipira, chifukwa mpopi wanu umayambira m'nkhalangomo. Ine ndemwe ndili ndi thumba la makala kuseri kwa chitseko, sindibisa. Koma kulakwa kwathu sikufafaniza ngongole ya makampani. Kukuwonjezera chifukwa chofunira ziwerengero zoona, kuti tidziwe gawo la makala, gawo la njerwa ndi gawo la fodya, aliyense asenze wake m'malo molozerana zala mu mdima. Wokwera njinga ya makala timamugwira, timamulanda njinga, nthawi zina timamumenya. Wogula mabelo zikwizikwi timamupempha kuti adzakhale mlendo wolemekezeka pa tsiku lobzala mitengo.

Ndikudziwanso nyimbo imene ena ayimbe: "Mukufuna kupha fodya, mukufuna kuthamangitsa ogula, dziko lidya chiyani?" Nyimbo imeneyi ndi yakale. Tinaimva mu 1992, pamene ankati matipate ndi nkhondo. Ndikudziwa bwino kuti fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino. Sukulu yanga ya pulayimale analipira ndi fodya wa chikopa wa malemu bambo anga. Sindikupempha kuti munthu azule nazale yake. Ndikupempha kuti chimene kampani ikuuza kale London itiuzenso ife. Kodi pali wogula amene anathawa m'Malawi chifukwa a kasitomu a ku America anamufunsa mapepala? Onse anapereka, onse akugulabe. Ngati ziwerengero zili zoona, kuzipachika pa Mitundu sikuwononga tambala. Ngati akuopa kuzipachika pamene anthu angathe kuzitsutsa, ndiye kuti tadziwa kale yankho.

Ndipo tisanamizane kuti Amalawi sitingathe kufinya kampani. Nkhani ya mapepala apulasitiki opyapyala ndi umboni. Boma linawaletsa mu 2015, makampani anathamangira kukhoti kukatenga chiletso, nkhani inagona zaka. Anthu wamba ndi mabungwe, kuphatikizapo mayi Gloria Majiga-Kamoto amene anadzalandira mphoto ya Goldman mu 2021, anayenda pamsewu, analemba, anavutitsa, kufikira khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti lamulolo liime. Zoona, makampani anabwereranso kukhoti kangapo pambuyo pake, ndipo majumbo sanathe m'misika. Koma tinaphunzira kuti chala cha kuno chilipo, chimangofuna kusatopa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zida tili nazo, zikungochita dzimbiri. Malamulo aakulu a dziko lino, amene ena a ife tinawalirira tili kunja, amalamula boma kusamalira chilengedwe poganizira mibadwo ya m'tsogolo, ndipo gawo 37 limatipatsa ufulu wodziwa zinthu. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, limene aphungu anavomereza mu Disembala 2016, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, patatha zaka zambiri atolankhani akulimenyera. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linabala bungwe la MEPA ndipo limalola munthu aliyense kukasuma ngati malo ake akuwonongedwa. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la World Health Organization lokhudza fodya, limene gawo lake 18 limanena za kuteteza chilengedwe pa ulimi wa fodya. Tobacco Commission ndi imene imapereka chilolezo kwa wogula aliyense, ndipo amene amapereka chilolezo angathe kuikapo mfundo. Press Corporation, imene ili pa msika wathu wa masheya ku Blantyre, ili ndi gawo mu Limbe Leaf; inu amene ndalama zanu za penshoni zili m'masheya amenewa, kodi munayamba mwaimirirapo pa msonkhano wa pachaka kufunsa za mitengo? Kapena mumangopitira chakudya chamasana?

Chimene ndikufuna ine nchaching'ono, mwina mpaka mundiseka. Wogula fodya aliyense, asanalandire chilolezo cha chaka chotsatira, apereke pepala limodzi pa dera lililonse la zaulimi limene akugulako. Lilembedwe m'Chichewa, kumpoto m'Chitumbuka. Linene alimi angati, mahekitala angati, mabelo angati, nkhuni ndi mapanda ochuluka bwanji ndipo anachokera kuti. Linene mbande zoperekedwa, inde, koma pambali pake linene mitengo imene ili moyo patatha zaka zitatu. Owerenga mitengo yamoyoyo asakhale antchito a kampani. Pa Bunda pali ana athu mazanamazana ophunzira za nkhalango ndi za ulimi amene amasowa kochitira ntchito ya kumunda, ndipo Mitundu ili pakhomo pawo. Pepalalo lipachikidwe pa ofesi ya zaulimi, pa bwalo la mfumu ndi pa msika, pamene mayi wodziwa munda uliwonse wa m'mudzi mwake angathe kuima nkunena kuti, "Apa mwanama, kwa uje kulibe mtengo ngakhale umodzi." Ogulitsa kaboni nawo chimodzimodzi: mu 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko ya msika wa kaboni ndi malonjezo ambiri, tsono aliyense wogulitsa mpweya wa mudzi auze mudziwo kuti wagulitsa matani angati, kwa ndani, pa mtengo wanji. Mayi amene ndikunenayu ndi wofufuza wabwino kuposa kampani iliyonse yowerengera mabuku ya ku London, ndipo salipiritsa.

Kwa aphungu a kummwera kwa Lilongwe, a chipani chilichonse, ndikuti: mavoti munapempha pa Mitundu ndi pa Nathenje, simunapemphe ku Kanengo. Kwa atolankhani anzanga achinyamata: lekani kukopera zikalata za makampani za tsiku lobzala mitengo nkumazitcha nkhani, bwererani pamalo pomwepo mu Okutobala mukajambule. Kwa anzanga obwera kunja, amene tsopano tatsala ochepa ndipo ambiri tikuyendera ndodo: tinaphunzira kulemba makalata ovutitsa maboma tili m'tizipinda ta ku Lusaka, luso limenelo lisafere m'manja.

Ine ndayambapo. Mdzukulu wanga wanditayipira kalata yopempha, pansi pa lamulo lija la 2020, ziwerengero za mitengo yobzalidwa ndi yopulumuka m'dera la Mitundu pa zaka zisanu zapitazi, ndipo ndikaipereka ndekha kuti andidindire pa kope langa. Mphwanga wandiuza kuti chigafa chake china chayamba kupendama. Mvula ikayandikira afunanso mapanda, ndipo wandifunsa ngati ndingamubwereke ndalama.